Ba Sakala, Dokota Amene Ankafuna Kudula Munthu Wochira

Ba Dokota Sakala tinawaika m'manda mwezi watha, ndipo pofuna chilungamo ndiyenera kunena kuti anthu a mu Matero anabwera ambiri. Ena anabwera kudzalira. Ochuluka anabwera kudzaona ngati bokosi likulemera monga limalemerera bokosi la munthu. Ba Zulu, amene anali cheyamani wa sekishoni yathu m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mpaka lero palibe amene walimba mtima kuwauza kuti ntchitoyo inatha, anagwira nawo chakumutu. Pobwerera anandikokera pambali.

"Mwana wa Tembo," anatero, "linali lopepuka."

Ndinawakumbutsa kuti malemuwo anali munthu woonda kuyambira kale.

"Ndiye vamene nikamba," anatero Ba Zulu, nandisiya ndi nkhaniyo kuti ndikagone nayo.

Ndikulemba ndine chifukwa mu msewu mwathu wophunzira amene watsala ndi ine. Ndinakhala pa koleji zaka ziwiri, kenako ine ndi koleji tinagwirizana kuti tisavutitsane. Chiyambire pamenepo anthu amandibweretsera chilichonse cholembedwa m'Chingerezi, ndipo kwa zaka zambiri ankandibweretseranso funso limodzi: kodi Ba Sakala ndi dokota wa chiyani kwenikweni?

Yankho lake ndi lovuta kulinena pamaso pa apongozi. Anali katswiri wa khansa ya kumapeto kwa matumbo, chakumunsi, pafupi ndi khomo lotulukira. Sankadula. Ntchito yawo inali kuwotcha chotupacho ndi cheza cha makina, cheza chosaoneka ndi maso, chimene chimalowa m'thupi osasiya bala. Anabadwira mu Matero momwemu, mwana wa munthu wosenza matumba ku mafakitale a Heavy Industrial, ndipo boma lakale linawatumiza ku Ulaya. Zaka zonse zimene ife tinali pamzere wa ufa, iwo anali kumeneko ndi anzawo akufufuza funso limodzi lokha: kodi uyambe wadula kenako uwotche, kapena uyambe wawotcha kenako udule? Ankatenga odwala, ena njira iyi, ena njira iyo, nkumawatsatira chaka ndi chaka kuona amene chotupa chawabwerera. Iwo anatsimikiza mtima kuti kuwotcha kuyambe. Ndinawafunsapo ngati funso limodzi lingadye unyamata wonse wa munthu. Anati ena unyamata wawo umadyedwa popanda ngakhale funso, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mawuwo ankafunira.

Anabwerera pamene boma linasintha ndipo chilichonse chinali pa malonda. Makampani ankagulitsidwa, amuna ankabwera kunyumba masana ndi makalata owachotsa ntchito, salaula, zovala zakale za m'mabelo, anadzaza misika mpaka munthu wa njala nkumavala jekete la dokota wa ku Ulaya. Wina anawauza Ba Sakala kuti makina owotchera akubwera. Anafika iwo, makina sanafike. Dziko lonse linalibe ngakhale amodzi. Tsono munthu amene anaphunzira kuwotcha anakhala pa chipatala chachikulu ndi tebulo, magolovesi ndi chala chake chimodzi, akupeza khansa imene sakanatha kuiwotcha, nkumapempha anzake a ku Harare kuti amulandirire odwala.

Nyumba ya boma anaikana, kapena sanapatsidwe. Pamenepa mboni zimasiyana. Anabwerera m'nyumba ya malemu atate awo, zipinda ziwiri, pakati pa ife. Apa ndi pamene vuto linayambira. Dokota weniweni amakhala kumayadi, kuseri kwa mpanda ndi galu. Dokota amene akutunga nawe madzi pampopi umodzi ndiye kuti pali chimene anachita.

Komboni inachita kafukufuku wake, ndipo ndikupereka zotsatira zake mwaulemu. Ena anapeza kuti anathamangitsidwa ku Ulaya atawotcha mzungu wolakwika. Amayi a pampopi anapeza kuti cheza chija chinawawotcha okha pamalo ofunika, nchifukwa chake analibe mkazi. A mpingo wina watsopano, wa m'kalasi ya pasukulu, anapeza kuti ndi wa satana, popeza masiku amenewo aliyense wosapempha mchere kwa mnansi anali wa satana. Ba Zulu sanapeze kanthu, ndipo kwa iwo umenewo ndiwo unali umboni waukulu. Munthu wopanda mlandu amasiya kanthu kena poonekera.

Nawonso Ba Sakala sankadzithandiza. Moni wawo unali ndi mchira. Akati mwauka bwanji, nkuyankha iwe kuti bwino, ankaima, nkukuyang'ana m'maso, nkufunsa ngati kuchimbudzi ukuyenda bwino, ndipo ngati unaona magazi. Ankafunsa pa siteshoni ya minibasi, pa maliro, pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, pamaso pa ana. Tsono kwathu kuno munthu wofunsa za chimbudzi chako timamudziwa: amafuna akachitenge akakulodze nacho. Amuna anayamba kutseka zimbudzi zawo ndi maloko.

Mdani wawo wamkulu, mwa mawu awo, sanali khansa koma chimbudzi cha dzenje. Ankati dzenje limameza umboni. Munthu amatuluka magazi chaka chathunthu mu mdima, osaona kanthu, nkudzabwera kwa iwo atanyamulidwa. Ankati manyazi apha amuna ambiri mu Lusaka kuposa minibasi, koma palibe amene amawagenda miyala. Lachisanu ankamwa botolo limodzi pa bala ya pakona, ndipo mipando yoyandikana nawo inkasuntha yokha pang'onopang'ono mpaka iwo nkutsala pakati ngati mtengo wa pabwalo.

Munthu amene ankakangana nawo poyera anali mmodzi, Ba Yusufu, telala, mnansi wawo wa kumanzere, wa banja la Chisilamu limene linachokera ku Malawi kalekale. Mkangano wawo unayambira pa buluku. Ba Sakala anapereka suti yawo ya ku Ulaya kuti aifupikitse pang'ono. Ba Yusufu anayang'ana matope a mu Matero, nayang'ana nsaluyo, nadula malinga ndi matope. Buluku linabwera likuthera pamwamba pa akakolo. Ba Sakala sanadandaule. Anangolivala kwa zaka, masokosi ali pamtunda, nkumadutsa nalo pakhonde pa telala m'mawa uliwonse pang'onopang'ono, kuti mwini ntchito aione ntchito yake.

M'mawa wina akudutsa choncho anaima. Pampando wa makina osokera panali nkhata yaikulu yosokedwa ndi zidutswa za nsalu, yoboola pakati.

"Ba Yusufu, nkhata iyi ni ya chani?"

"Ni ya mpando."

"Mpando udwala?"

"Ba Dokota, pitani ku nchito. Kuno tilibe vimbuzi vogulisa."

Koma akazi awo, Amake Halima, anali pakhomo ndi beseni. "Bauzeni, Atate ake Halima," anatero, "kapena nikambe ine. Ndine nichapa vovala."

Chala chinapeza chimene chinapeza. Anthu a ku mzikiti anasonkha ya basi, Ba Sakala anapempha malo ku Harare, ndipo Ba Yusufu anapita. Komboni inadikira mwachidwi, monga imachitira nkhuku ikamawoloka msewu waukulu.

Anabwerako atakuda m'chiuno ngati m'munsi mwa poto, ali ndi mizere ya inki pamimba ndi timadontho tating'ono tosachoka, tomwe a makina amaika kuti cheza chizigwa pamalo amodzi tsiku lililonse. Amake Halima anauza mnzawo mmodzi pampopi, ndipo pofika madzulo Matero yonse inali itadziwa kuti azungu nawonso amatema mphini, kungoti amabisa. Koma chachikulu sichinali chimenecho. Munthu anapita kukachotsa chotupa, ndipo anabwerako osadulidwa. Ba Sakala anati adikire milungu ingapo. Anati cheza chimapitiriza ntchito makina atazimitsidwa, monga ng'anjo ya njerwa imene suifumula tsiku lozimitsa moto.

Ndipo taonani, munthu anayamba kuchira. Magazi analeka. Nkhata inatayidwa. Ba Yusufu ananenepa m'masaya, makina osokera nkumalira mpaka kumsika. Pamenepo ndi pamene Ba Sakala anabwera ndi kunena kuti tsopano nthawi yakwana, anzawo a mpeni akudikira, akadulidwe.

Ndapenda nkhaniyi ndi maphunziro anga onse a zaka ziwiri, ndipo sindingawaweruze anthu a kwathu. Inu mukanaganiza chiyani? Masiku amenewo mphekesera za anthu opezeka opanda ziwalo zinali m'minibasi iliyonse. Ba Zulu anaitanitsa msonkhano Lamlungu masana pakhonde pa telala, ndipo anavala jekete.

"Ba Dokota, tiyankheni monga bantu bakulu," anatero. "Muntu anali kudwala, simunamudule. Manje apola, mufuna kumudula. Ni chani chili mukati umo chamene chapsa manje?"

Anthu anavomera ndi m'mphuno. Ba Sakala anafotokoza kuti chotupa chafota koma sichinafe. Anati ukawotcha tchire pamwamba pamaoneka poyera, koma mvula ikagwa umadziwa kuti mizu inali moyo. Kuwotcha kunali kochepetsa chotupa kuti mpeni uchizule chonse, ndipo nthawi yabwino yozulira ndi yomwe ino, munthu akumva bwino.

"Muntu si sanga," anatero Ba Zulu. "Na imwe mudyapo chani? Simutenga ndalama, simupempha nkhuku. Muntu wamene safuna kantu ni wamene afuna chikulu."

Ba Yusufu nthawi yonseyo ankazunguliza kagudumu ka makina ndi chala. Kenako anafunsa funso lawo, osakweza mutu. Ku Harare anaona amuna amene anawatseka kumunsi nkuwatsegulira pamimba, akuyenda ndi kathumba kolandira chimbudzi. "Nizankhala na kathumba?"

Apa munthu wanzeru akananama. Ku komboni ya Chibolya ungapeze munthu wokulonjeza chilichonse, ngakhale kumera dzino. Ba Sakala anati sangalonjeze. Anati chotupa chili pansi kwambiri, ndipo mwina inde.

"Ndiye nizaimilila bwanji mu mzikiti," anatero Ba Yusufu, "pakati pa bantu bosamba, na vonyansa pamimba? Awe. Napola. Zikomo kwambili, Ba Dokota. Mulungu akudaliseni, muyende bwino."

Amake Halima anapita okha kwa shehe, ndipo shehe anati wodwala amapemphera mmene alili, Mulungu sanyansidwa ndi chimene anachilola. Ba Yusufu anati shehe ali ndi matumbo ake onse.

Chimene anachita Ba Sakala pambuyo pake sichipezeka m'buku lililonse la ku Ulaya. Unali mwezi wotsegulira sukulu, nthawi yokhayo pachaka imene telala amapuma ku nkhanza za salaula, chifukwa yunifomu sipezeka m'mabelo. Ba Sakala anatenga tchuthi ku chipatala. M'mawa anabwera atavala buluku lija, nakhala pabenchi la makasitomala pakhonde pa Ba Yusufu, manja pa maondo.

"Mufuna chani?"

"Nankhala chabe."

Anafika mayi woyamba ndi nsalu ndi mwana. Ba Sakala anaimirira mwaulemu. "Mwauka bwanji, amai? Nanga batate kunyumba, kuchimbuzi bayenda bwino? Simunaoneko magazi pochapa?" Mayiyo anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya nyemba pambaula. Wachiwiri anabwerera ali pa geti. Pofika masana, amayi a mu Matero anali kukwera minibasi ndi nsalu zawo kupita kwa matelala a kutali, ena mpaka ku Chilenje. Zaka zonse komboni inkawathawa, ndipo iwo anangotenga kuthawidwako nkukakuika pakhomo pa mnzawo.

Anabwera mawa lake, ndi mkucha. Mvula ikagwa ankasendera mkati pang'ono. Ankabwera ndi mabanzi awo, kuti asanenedwe kuti akudya za wodwala.

"Mufuna kunipaya na njala kuti nisafe na khansa?" anakuwa Ba Yusufu tsiku lina.

"Njala niziba mankhwala yake," anatero Ba Sakala.

"Nizaitana bapolisi!"

"Baitaneni. Nabo nifuna kubafunsa."

Amake Halima ankawabweretsera tiyi pabenchipo, m'kapu ya alendo, akuyang'ana amuna awo. Ine ndinkaonera ndili pa geti pathu, ndipo ndikuchitira umboni kuti Ba Sakala sankasangalala. Milungu yabwino inali kutha. Ankayang'ana mmene Ba Yusufu akukhalira pampando, ndipo tsiku limene telala anayambanso kupendekera mbali imodzi, nkhope ya dokota inagwa. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akukweza mawu. Anati anaona amuna ambiri a ku Ulaya akufa ndi nthenda imeneyi mwaukhondo, pa mabedi oyera, ndipo ngakhale kumeneko imfa yake ndi yonyansa kuposa kathumba kalikonse. Anati sanabwerere kwawo kuti adzamve fungo limenelo kudzera pa mpanda.

Ba Yusufu anavomera, ndipo amanena mpaka lero kuti anavomera kuti apulumutse bizinesi. Koma Ba Zulu anaikapo lamulo m'dzina la sekishoni: chilichonse chotuluka m'thupimo chibwerere ku Matero, banja likachikwirire lokha. Ba Sakala anakayenda m'maofesi, ndipo a ku labotale atamaliza kupima, chinthucho chinabweradi m'botolo la mankhwala onunkha, chitakulungidwa m'nyuzipepala. Ba Zulu anavala magalasi. Analizunguliza botololo pa dzuwa ngati munthu wogula uchi.

"Tizaziba bwanji kuti simunasungeko kwina? Na tizaziba bwanji kuti muntu simunamuonongele chabe?"

"Simungazibe lelo," anatero Ba Sakala. "Muyanganeni zaka zisanu. Akankhala moyo, mwaziba. Ine nchito yanga yonse nimazibila mwamene umo."

Kathumba kanabwera. Ba Yusufu anakhala chaka osawapatsa moni Ba Sakala. Anasoka timatumba tansalu tokutira kathumbako, toyera ta Lachisanu, ndipo anabwerera ku mzikiti, poyamba mzere wakumbuyo pafupi ndi khomo. Ndipo Matero yonse inalowa ntchito ya kafukufuku, popanda malipiro. Telala akatsokomola, nkhani inkafika kumsika iye asanamalize. Dzinja lililonse Ba Zulu ankadutsa pakhondepo, nkumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkunena kuti tiona. Zaka zisanu zinakwana. Ba Yusufu anakwatitsa Halima. Ba Zulu anati anthu amenewa amadziwa kudikira.

Ba Sakala sanachite phwando. Anangobwera ndi buluku lija kuti alitalikitse. Ba Yusufu analitembenuza, nayang'ana mpendero, nati nsalu anaidula kale, palibe chobweza. Ba Sakala anati nawonso chimodzimodzi. Anaseka onse awiri, kuseka kochepa, ndipo amene anawamva anakanena pampopi kuti awiriwa ali ndi pangano.

Ba Sakala anamwalira ndi sitiroko, masana, m'khonde la chipatala, ali ndi mafayilo m'manja. Tikumva kuti kumeneko ayamba kukumba maziko a nyumba ya makina aja. Akuti malemuwo anapitapo kamodzi kukayang'ana ngalandezo, nafunsa omanga ngati makoma adzakhale okhuthala mokwanira, ndipo omanga anaitana mlonda. Pa maliro, anthu ataona Ba Yusufu atayima bwinobwino ndi kofia yawo, ananong'onezana kuti wofunika kufa ali moyo ndipo wochiritsa wapita, ndiye ndani analipira ndani. Nkhani imeneyo ikadali pa kafukufuku.

Nyumba ija ili chitsekere. Mu Matero chipinda sichigona chopanda munthu. Wina akamatulutsa matiresi, wina amakhala akulowetsa mbaula. Koma mphwawo wa malemu analemba ndi makala pakhoma kuti nyumba ya lendi, ndipo mvula yayamba kufufuta zilembozo. Akuti makoma ali ndi cheza. Munthu amene analibe ngakhale wailesi yakanema. Bonongwe wamera mpaka pakhomo ndipo palibe mayi amene akumuthyola. Ana mpira ukagwera mkati amatumana.

Sabata yatha ndinapeza Ba Zulu atayima pa geti pamenepo dzuwa lili pamutu, manja kumbuyo, ngati akuyendera sekishoni. Anandikodola.

"Mwana wa Tembo, iwe unaphunzilako. Ba Dokota baja benze kukamba kuti magazi yoipa ni yati, yofiila olo yakuda?" Anatsokomola. "Nifunsila munzanga."

Ndinawauza zoona, kuti koleji ndinaisiya tisanafike pamenepo.

Makina osokera kuseri kwa mpanda analeka kulira. "Ba Zulu," anatero Ba Yusufu osatulutsa mutu, "muuzeni munzanu uyo asambe mawa m'mawa. Nizamupeleka ine ku chipatala. Niziba chitseko chake."

"Na imwe mudyapo chani?" anafunsa Ba Zulu.

Ba Yusufu anangobwerera ku ntchito yawo. Makina anayambanso kulira. Ba Zulu anatsala pomwepo, dzanja lili pa geti, akuyang'ana loko wa pachitseko, ndipo sanachoke msanga.